Ndalama ya Pansi pa Mbale

Kasungu Boma
19 Meyi 2024

Okondedwa achimwene a Vincent,

Lusiya wandipasulira chinkhoswe changa ndi Samsoni. Inde, Lusiya yemweyo, msuweni wathu wa ku Kapelula. Za moni tionana kumapeto.

Adabwera ku Boma kudzagula ziguduli zodindira fodya. Ine kupusa, ndidamuitanira ku lesitilanti ya a Usumani kumene ndimaperekera zakudya, n'kumugulira tchipisi ndi nkhuku. Patebulo loyandikana padali alangizi a fodya. Atatha kudya, mmodzi adasiya tchenji pansi pa mbale, amvekere, "Sisi, iyo ndi yanu." Ndidathokoza n'kuika m'thumba la epuloni. Lusiya akuonerera zonsezi, uku akuswa mafupa a nkhuku yanga. Pofika Lamulungu, pamjigo ponse adali atamva kuti Maureen amalandira ndalama kwa amuna masanasana, osabisa n'komwe.

Ankhoswe a kwa Samsoni adapita kwa amalume: mtsikanayo asiye ntchito, abwere adzasankhe fodya m'chigafa, apo ayi zathera pomwepo. Amalume adangoti amva. Achimwene, malata ali panyumba ya amayi aja si matipu anu a m'hotela ku Kepi, ndalama zomwezi za pansi pa mbale? Amalume mvula amausa momwemo. Mukalandira inu, akuti mwana wolimbikira. Ndikalandira ine, akuti hule.

Lachisanu Samsoni adabwera yekha. Moni sadandipatse. Adakhala pakona, n'kuitanitsa tiyi ndi sikono. Atalipira kwa a Usumani adabwerera patebulo, n'kulowetsa ndalama pansi pa mbale, maso ali pa ine. Amafuna aone ngati nditola. Ndikadaisiya, bwenzi ndavomera kuti ndalama zotere n'zauve. Ndidaitola.

"Zikomo bwana, mudzabwerenso."

"Bwana? Ine, Maureen?"

"Aliyense wosiya ndalama pansi pa mbale ndi bwana. Amadya n'kumapita, palibe chinanso chimene wagula."

Adatuluka, mpaka kuiwala chipewa pampando.

Pempho langa ndi ili: muwaimbire amalume, muwafotokozere kuti tipu n'chiyani. Zonena ine akuti ndi mwano wa Fomu Folo, koma mawu aamuna ochokera ku Kepi adzawamva. Musakapepese m'malo mwanga, sindidalakwe. Ndipo mukadzabwera pa Khirisimasi, m'bale wa kumudzi musadzalowe naye mu lesitilanti. Mudzamugulire chimanga chowotcha pa depoti, adyere chiimire.

Tsopano moni. Mundiperekere kwa alamu ndi ana. Amayi ali bwino, kungoti nsalu zimene adagulira chinkhoswe azibweza m'sutikesi, ndipo akandiimbira amangofunsa za mtengo wa shuga. Ine ndikugwira ntchito, ndikudya, ndikugona, musadandaule. Chipewa chija ndachichapa, chili kuseri kwa kauntala, ndalama ija ili mkati mwake. Khomo likatseguka ndimadzutsa mutu chifukwa ndiyo ntchito yanga, musaganize zina.

Nkhaniyi sindidzaitchulanso, ndipo poyankha dzina la Lusiya musalilembe.

Ine mlongo wanu,
Maureen