Telala wasoka kale mzere wachinayi, mayeso a amuna anga anatha mphamvu

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndipo amuna anga ndi woyendetsa ndege. Kwa zaka zambiri akhala pampando wakumanja, wa wothandizira kaputeni, wovala mizere itatu pamkono wa jekete. Kaputeni amavala inayi. Mzere umodzi wotsalawo ndi umene watilanda mtendere pakhomo pano.

Kuti munthu akhale kaputeni amayamba walemba mayeso a m'mabuku, kenako n'kukayesedwa kuulutsa ndege. Mayeso olembawo iwo anakhoza kalekale, mwana wathu woyamba akukwawa, pano ali ku sekondale. Zotsatira zake zili ndi nthawi yothera mphamvu, koma m'chipinda chimene oyendetsa ndege amadikiriramo ulendo ankangouzana kuti, "Bola ukuuluka, pepala limenelo silifa." Iwonso anangozimeza choncho osafunsa.

Chaka chino kampani ina inawaitana, ati ikufuna makaputeni. Kukampani yakaleyo anali atatopa ndi malonjezo a ukaputeni. Tsiku lomwelo anasiya ntchito, anabweza chitupa cholowera pageti, ndipo anatukwana abwana awo ndi mawu amene sindingawalembe pano. Jekete ndinapita nayo ndekha kwa telala kuti asokerepo mzere wachinayi. Apongozi anga ndiye ayi ndithu, analengeza mpaka kutchalitchi.

Atafika kukampani yatsopanoyo, mayi woyang'anira maphunziro anangoona tsiku la papepalalo n'kunena kuti, "Izi zinatha, bambo. Zinkagwirabe ntchito chifukwa munali wantchito wa uko ndipo munkaphunzira pansi pa ndondomeko yawo. Pano simuli wawo, komanso simunakhale wathu." Akuti mpando wa kaputeniwo awasungira mpaka kumapeto kwa mwezi wamawa basi.

Chichokereni kumeneko, munthu uja wasanduka wina. Nyumba yathu ili pafupi ndi bwalo la ndege, ndiye amangokhala pakhonde ndevu zili nyankhalala, ndege ikamadutsa n'kumatchula kumene ikupita ndi amene akuiyendetsa. Mabuku atsopano ndinawagulira, koma akadali m'pulasitiki pamwamba pa firiji. Akuti, "Mutu uno sungalowenso masamu a mphepo ndi a mafuta. Ndikakalemba ndi ana obadwa dzulo n'kulephera, nkhope ndidzaiika pati?"

Chimene chandilembetsa ndi ichi. Mlongo wanga wamkulu amagwira ntchito kukampani yakale ija, mu ofesi yoona za antchito. Amuna anga akufuna ndikamupemphe kuti akonze pakompyuta, zioneke ngati iwo anali patchuthi, sanasiye ntchito, kuti akayesedwe kuuluka ndi pepala lomwe lija. Akuti, "Ndi mlongo wako, sangakukanire. Mlamu wanga angogwira kamodzi, nkhani yatha." Nditazengereza anati, "Ndiye kuti nawenso uli mbali ya abwana aja eti?" Kuyambira tsiku limenelo amadya osandiyang'ana.

Aphungu, mlongo wangayo ali ndi ana ake, ndiponso ndi amene akusunga mayi athu. Ndikudziwa kuti ndikamulirira adzachita, sanandikanizepo kanthu chibadwire. Ndili ndi mantha, ndipo amuna anga ndikuwamvera chisoni kwambiri. Ndipite kapena ndisapite?

Mayi T. L.

Mayi T. L.,

Musapite. Ndayamba ndi pamenepa kuti musavutike kufufuza yankho kumunsi.

Zimene amuna anu akupempha si kuthandizana kwa pachilamu, ndi chinyengo, ndipo pantchito ya ndege chinyengo sichikhululukidwa. Makompyuta a masiku ano amasunga amene wasintha kanthu ndi tsiku lake. Alonda a pageti analandira chitupa chija. Abwana amene anatukwanidwa aja mukuganiza kuti aiwala? Zikaululika, mlongo wanu achotsedwa ntchito, mwinanso n'kukaimirira kukhoti, mayi anu asowa wowasunga, ndipo amuna anu akhoza kulandidwa ngakhale laisensi imene ali nayo panoyi. Lero akulira mzere umodzi, tsiku limenelo adzalira yonse.

Auzeni lero lomwe, masana, ana kulibe. Musanamizire kuti mlongo wanu wakana kapena foni yake siikugwira, chifukwa adzamuimbira okha. Nenani kuti mwakana ndinuyo. Akwiya, inde, mwina masiku angapo. Pirirani.

Kenako amuna anuwo avale, amete ndevuzo, apite okha ku bungwe la boma loona za maulendo a ndege, atanyamula zotsatira zija, buku la maola amene auluka, ndi umboni wa tsiku limene anasiya ntchito. Malamulo amenewa amasiyana dziko ndi dziko ndipo amasintha, choncho ine sindikuuzani za m'mutu mwanga. Akafunse mafunso awiri: kodi zotsatirazi zathadi? Nanga atalembedwa ntchito kukampani yatsopanoyi ngati wothandizira n'kumaliza maphunziro a kumeneko, zingagwirenso ntchito? Yankho akalitenge lolembedwa. Za m'chipinda chodikirira zija ndi zimene zawafikitsa apa, paja safunsa anadya phula.

Abwererenso kwa mayi woyang'anira maphunziro uja akapemphe poyera kuti, ngati ukaputeni sutheka pano, awatenge kaye pampando wakumanja. Ndikudziwa kuti ziwawa, koma ali m'kati mwa kampani amaitanidwa msanga kuposa ali pakhonde.

Mabuku aja atsitseni pafirijipo, mung'ambe pulasitikiyo pamaso pawo. Akalembetse tsiku la mayeso sabata ino, chifukwa popanda tsiku munthu sawerenga. Apeze mphunzitsi, ngakhale akhale wamng'ono kwa iwo. Munthu amene wakhala akuwerengera mafuta ndi mphepo ulendo uliwonse zaka zonsezi sanaiwale masamu. Akuopa manyazi basi. Apongozi anu nawo auzidwe zoona ndi mwana wawo yemwe, asanazimvere pamsewu.

Sindikunamizani, mayi. Mwezi wamawa si patali, ndipo n'zotheka kuti mpando umenewu upita kwa wina. Konzekani kuti chaka chino chikhala chowawa, ndipo ana muwauze mwa msinkhu wawo. Muwayang'anitsitsenso amuna anuwo. Ngati asiya kudya, kugona, kapena ayamba kulankhula ngati moyo ulibenso phindu, musabise poopa kuti dokotala awaletsa kuuluka. Ambiri a ntchito imeneyi amadwalira m'kati chifukwa cha mantha amenewo. Itanani mnzawo amene amamukhulupirira, ndipo mupite nawo kuchipatala.

Chenjezo langa lomaliza ndi ili. Akakuuzaninso kuti muli mbali ya abwana, musatsutsane nawo. Tengani jekete ija, mupite nayo kwa telala yemwe uja akasomole mzere wachinayiwo, n'kuusunga bwino m'kabati. Jeketeyo muibweze pahang'ala ili ndi mizere itatu, chifukwa itatuyo ndi yawoyawo, palibe angawalande. Mukapita kwa mlongo wanu, tsiku lina mudzabwerera kwa telalayo kukasomoletsa yonse, ndipo pamenepo simudzakhala ndi mlongo wokamulirira.

Phungu wanu