Malo a Udokotala M'dzina Lanu

Glen View,
Harare.
9 Julayi 2024.

Okondedwa asisi Ratidzo,

Muli bwanji ku Joniko, inu ndi alamu ndi ana? Kuno tilipo, kungoti chisanu chatipana. Kalatayi ndapatsira a Desmond a pa basi chifukwa foni pakhomo pano ndi imodzi, ndipo amayi, ngakhale sadziwa kuwerenga, uthenga uliwonse amakawerengetsa kwa aneba.

Mwamva kale kuti ku yunivesite anditenga kuti ndikaphunzire udokotala. Tsiku limene yankho linafika, amayi anasiya tomato pamsika osayang'ana m'mbuyo, n'kuvina kuchokera pamsewu mpaka pageti. Akalipentala a m'mashedi muja anaika pansi macheka n'kumakuwa mondiyamikira m'Chishona kuti, "Makorokoto, dokotala!" Ine mano anali panja tsiku lonse. Zimene simunamve ndi izi.

Mukukumbukira titachotsedwa pafamu n'kubwera kuno? Inu munali ndi chikalata chobadwira chifukwa bambo anu anakulembetsani. Anga, amene anatsikira kumanda opanda pepala lililonse, akanandilembetsa ndi chiyani? Mutasiya sukulu, ine n'kufika giredi seveni, amayi anatulutsa chikalata chanu m'chikwama n'kundiuza kuti, "Kusukulu ndiwe Ratidzo, kunyumba ndiwe Dolly. Usakasokoneze." Ndipo sindinasokonezepo. Mayeso onse atatu ndinalemba m'dzina lanu, mpaka mapointi 15 aja, omwe ndi apamwamba kwambiri pa fomu sikisi. Fomu ya ku yunivesite ndinadzazanso chimodzimodzi.

Polembetsa pamafunika chitupa chokhala ndi chithunzi. Lolemba ndinakwera kombi kukachitenga, nditaluka tsitsi kuti ndikaoneke bwino. Mayi wa pa kauntala analemba nambala ya chikalata chija, kenako ananditembenuzira kompyuta. Munali inuyo, asisi, ndi mpata wanu wa m'mano uja.

"Uyu ndani?" anandifunsa.

"Ndi asisi anga."

"Nanga iwe ndiwe ndani?"

Ine amene ndinkayankha mafunso asanathe kufunsidwa, ndinangoyang'anitsitsa chithunzi chanucho. Mayiyo anali wachifundo. Anatsitsa mawu nati, "Mwanangu, pita ndisanalembe kanthu. Bwera ndi mboni zoti unabadwiradi pafamupo, utenge chikalata chakochako. Koma za mayesozo ndilibe nazo mphamvu."

Mboni ndikazipeza kuti? Azamba amene anathandiza amayi pondibereka aja anamwalira, ena onse anabalalika ngati nkhuku zoona kabawi. Aphunzitsi anga a Kemisitiri, a Jeremiah, ndawaululira zonse. Anavula magalasi n'kukhala nthawi yaitali akuwapukuta. Akuti njira yoongoka ndi kuyambiranso mayeso a fomu folo m'dzina langa, chikalata changacho chikadzapezeka. Kulembetsa ku yunivesite kukutsekedwa Lachisanu.

Musaganize kuti ndikukuimbani mlandu. Dzina ndi lanu, ndipo kuti muwoloke malire munafunikadi chitupa ndi pasipoti. Chimene chikundiwawa n'choti munakatenga chikalata china mwakachetechete, n'kunditsanzika pa basi mukuti, "Ulimbikire sukulu, mwana iwe." Mukanandiuza nthawi imene ija, ndikanalira ndili fomu folo, osati lero.

Ndiulule chinanso. Kalatayi ndinaiyamba kawiri ndi pempho loti munditumizire chitupacho, poti ena amati timafanana. Ndinaing'amba kawiri konse. Mungakhale bwanji m'dziko la eni, ndi ana awiri, mulibe pepala? Komanso ndatopa, asisi. Ndinkafuna kudzagwira odwala ndi manja oyera, osati kumadzidzimuka moyo wanga wonse wina akaitana dzina. Mtima wanga wasweka, ndipo buku la Bayoloje sindikutha n'kuliyang'ana komwe.

Pempho langa ndi limodzi. Mukaimba foni musawauze amayi. Iwo amakhulupirira kuti anandipulumutsa tsiku limene anandipatsa chikalata chanu lija, ndipo Lamlungu anaimirira m'tchalitchi kuchitira umboni. Ndidzawauza ndekha, sindikudziwa liti. Panopa ndawanamiza kuti sukulu ayisuntha kutsegulira.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo Kudzai ndi Tatenda muwauze kuti anti awo awasowa. Anawo muwalembetse msanga, chonde, aliyense m'dzina lake. Amayi akupereka moni wambiri. Akuti pa Khirisimasi musalephere kubwera, ndipo mudzagule wotchi yapamkono, poti anamva kuti dokotala sayenda wopanda wotchi.

Ndine mng'ono wanu,
Dolly.