Wabutchala Wayamba Kutichezera

Okondedwa Azakhali,

Muli bwanji kumeneko? Kuno tili bwino. Chimanga chadzaza nkhokwe, ndipo mbuzi yanu yaswa mapasa, aliuma ngati alongo anu.

Koma wabutchala uja wayamba kubwera kudzalonjera ababa. Pakamwa akuti "mwadzuka bwanji achikulire", maso ali pa ng'ombe yanga, ija ndinailera ndi botolo make atafa. Dzulo anachita kuisisita m'nthiti. Ababa akuti ndi macheza chabe. Chaka chatha anateronso, nkhumba yanga sindinaionenso, ndipo sindinaiwale.

Msika wa ng'ombe uliko Loweruka. Muwaimbire alongo anuwo, inu amakuopani. Pakadali pano mlendoyo ndikumamupatsa mpando wothyoka mwendo.

Ndine mwana wanu wamakani uja.