Kabedi Kosungiramo Mabuku

Lachiwiri, 4 Juni

"Si mimba, mayi." Dokotala wanena maso ali pa pepala. Akuti magazi aonetsa kuti ndayamba kusiya kusamba. Pa zaka 43. Zafulumira pang'ono, akuti, koma si zachilendo. Kenako wayamba kundijambulira ubongo ndi mazira kuseri kwa pepalalo, ine amene ndaphunzitsa mutu umenewu kusukulu zaka 17. Ndamusiya ajambule. Wajambula moipa.

Masabata asanu ndi limodzi chimwalirireni amuna anga. Miyezi itatu osapita kumwezi. Ndinawerenga masiku pa kalendala, ankagwirizana bwinobwino.

Kunyumba sindinanene kanthu.

Lachitatu, 5 Juni

Apongozi ndi alamu, mchemwali wawo wa malemu, akadali muno chithereni maliro. Alamu ndi amene anaona paketi ya mapadi kubafa, yosatsegula mwezi wonse, n'kuthamanga nayo nkhani kwa mayi awo. Kuyambira tsiku limenelo ndine "mwana wanga". Zaka 15 ndinali "aphunzitsi aja".

Sandilola kunyamula ndowa. Apongozi akuluka timasokosi tachikasu.

Pabalaza pali kabedi ka mwana kamene amuna anga anakhoma chaka choyamba cha ukwati wathu. Mwana osabwera, tinayamba kusungiramo mabuku. Lero ndapeza mabuku anga aunjikidwa pansi ngati nkhuni, kabedi katsukidwa ndi sopo, kali padzuwa. Ndati zikomo. Pakamwa panga pamanditopetsa.

Lachisanu, 7 Juni

M'kalasi, mutu womwewo. Choko m'manja, ndikufotokoza: kachiwalo kakang'ono kamene kali pansi pa ubongo kamatumiza mahomoni kukaitana, mazira amayankha. Mtsikana amatha msinkhu motero, mwezi ndi mwezi kuitana ndi kuyankha. Mazira akachepa, ubongo umakuwa mokweza. Chimene dokotala anaona m'magazi anga n'chimenecho. Kukuwa kokhakokha, woyankha palibe.

Pakati pa chiganizo moto wandikwera kuchokera pachifuwa mpaka m'makutu. Thukuta kamukamu, bulauzi yonyowa kumsana. Ana akugundana zigongono.

Buku lathu lapereka masamba 12 pa kutha msinkhu ndi pathupi. Ife osiya kusamba latipatsa mizere inayi, pansi penipeni. Amene analemba ndikukhulupirira sanatuluke thukuta pamaso pa ana 60.

Lamlungu, 9 Juni

Ndawauza, titatha kudya. Singano za apongozi zinapitirira pang'ono, kenako zii.

Alamu sanachedwe. Akuti munthu wa msinkhu wanga sasiya kusamba, iwo ali ndi zaka 50 koma amapitabe kumwezi. "Mwachotsa. Ophunzira inu mapiritsi ake mumawadziwa." Ndawapatsa pepala la dokotala. Aligwira ndi zala ziwiri, akuti pepala aliyense atha kulemba.

Apongozi sanakweze mawu. "Mwana wanga mwamuika m'manda kawiri." Basi.

Lolemba, 10 Juni

Ndinenso "aphunzitsi aja". Tiyi aphika wa anthu awiri.

Pali pepala lina limene sakulidziwa. La zaka 12 zapitazo, lochokera ku chipatala chomwecho, lili m'kati mwa buku lalikulu la chikuto chobiriwira, pa mulu pompo pabalaza. Dzina lake si langa. Mbewu za amuna anga zinali zochepa, zofooka. Mwayi ulipo koma wochepa kwambiri, anatero dokotala wa nthawi imeneyo. Amuna anga analira m'galimoto, chipumi pa chiwongolero, nandipempha kuti mayi awo asadzamve. Ndinavomera. Mawu akuti chumba ndinawasenza ine, pa ukwati uliwonse, pa maliro aliwonse.

Lero ndalitulutsa. Ndaima nalo pakhomo la kukhitchini, alamu akusenda anyezi, atandipatsa msana. Ndimafuna ndione nkhope yawo ikugwa. Ndimafunitsitsa. Sindimadziwa kuti mwa ine muli munthu woipa chonchi.

Ndipo inu, bambo, ndakukwiyirani. Munandisiyira katundu wanu n'kupita osatsazika.

Loweruka, 15 Juni

Anyamuka m'mawa. Alamu anabwera ndi galimoto ya mwamuna wawo. Kabedi akweza pamwamba, miyendo m'mwamba, amanga ndi chingwe changa choyanikira zovala. Akuti mwana wawo wamkazi ndi woyembekezera, chinthu cha m'bale wawo chisawolere m'nyumba yopanda ntchito nacho. Timasokosi natonso tapita.

Apongozi anabwerera pakhomo, ine n'kumaganiza kuti akufuna kutsazika. Anaiwala magalasi. Powafufuza anasuntha buku lobiriwira lija ndi dzanja lawo, analigwira ndithu. Ndinangoyang'ana. Ndinawapezera magalasiwo pa windo, ndinawapukuta, n'kuwapatsa.

Pabalaza patsala timabanga tinayi pamene panali miyendo ya kabedi. Mabuku ali pansi. Pepala lija lili m'buku lake, ndipo wolidziwa ndatsala ndekha.