Malo Amene Sali Papepala Lako

Dalanzadgad,
11 Juni.

Mlongo wanga Sodnom,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga Hye-ran ndi apongozi ako. Chifuwa chija chinakusiya? Kuno tikudzuka. Mvula yagwa kawiri, udzu watuluka, ziweto zayamba kubwerera m'thupi. Amuna anga, alamu ako a Jargal, ali bwino, mimba yokha ndiyo ikukula. Za bambo ndinena kumunsiku.

Ndalemba kalata dala, chifukwa pafoni sundipatsa mpata. Ndikangoti "koma", iwe wanena kale kuti uli pantchito, foni thii. Kalatayi uiwerenga mpaka kumapeto, ufune usafune.

Pepala lako la ulendo ndinalandira, masamba anayi onse. Koma ndiye unalimbikira, mwana wa mayi anga! Kunyamuka Lachiwiri 7 koloko. Kufika kuchigwa cha Yol 8:40, kuona madzi oundana, mphindi makumi asanu. Mawa lake kumapiri a mchenga, kukwera ngamila 5:15. Mkuja wake kumatanthwe ofiira kukajambula dzuwa likulowa. Ngakhale nthawi yopita kuseri kwa galimoto unailemba, mphindi khumi. Nditawawerengera alamu ako anaseka mpaka kutsamwa tiyi. Akuti ndikufunse ngati ngamilazo unazitumizira mawotchi.

Ndiye mlungu watha unandifunsanso ngati madzi oundanawo adzakhale asanasungunuke pofika pa 2 Julaye. Ukufuna ndikakhale kuchigwako ndi ambulera ndiziwatchingira dzuwa?

Zaka zisanu ndi zinayi kunjako ku Busan zakuiwalitsa zonse, eti? Ndani kwathu kuno amayamba ulendo wautali Lachiwiri? Ndani amatchula nthawi yofika asanafike? Waiwala khofi limene bambo anakumenya uli mwana, utafunsa m'lole mwawo kuti tifika nthawi yanji? Zaka makumi anayi anayendetsa lole m'chipululu muno, ndipo palibe amene anawamvapo akunena ola. Iwe walemba maola makumi atatu ndi limodzi. Ndawawerenga.

Ndikudziwa chimene chikukudya. Apongozi ako ali ndi masiku asanu okha, ndipo ukufuna aone kuti mkamwini wawo anachokera kwa anthu olongosoka. Zimenezo sindikutsutsa. Koma utandiuza kuti wapeza galimoto yatsopano yobwera ndi dalaivala wake, yozizira mkati, ya mipando isanu ndi umodzi, ine ndinawerenga zala: dalaivalayo, iwe, mkazi wako, apongozi awiri, ndi ine wophika. Nditafunsa za bambo unati atsale, akalamba, komanso azikatiimitsa pa mulu uliwonse wa miyala kuti tiuzungulire katatu, ndi pa hema aliyense kuti timwe tiyi. Unanena mopepuka, ngati ukunena za chikwama chosafunika. Tsiku limenelo ndinapsa mtima mpaka ndinapsereza mkaka.

Apa ndiye ndiulule. Ndinakunamiza, ndipo bambo ndinawanamizanso. Iwe ndinakuuza kuti avomera kutsala, koma sindinawafunse n'komwe. Iwo ndinawawerengera pepala lako ndikusintha mawu pakamwa. Pamene unalemba Lachiwiri ndinati Lachitatu. Maola onse ndinawameza. Kenako ndinawonjezera mzere umene iwe sunalembe. Ndinati tikachoka kumapiri a mchenga, Sodnom akufuna tikafike pamalo pamene inu munabadwira.

Ukanawaona nkhope, Sodnom. Anafunsa kuti, "Mwanayo wanena yekha zimenezo?" Ndinati eya. Iwo anati, "Ndimayesa dziko la eni linam'meza." M'mawa mwake anatulutsa mkanjo wawo wabuluu uja kuti upitidwe mphepo, n'kupita kukadzitama kwa a Purev oyandikana nawo nyumba kuti mwana wawo akuwoloka nyanja kudzawaperekeza kukagubuduka pa dothi limene anabadwirapo, monga mwa mwambo wathu. A Purev anawaseka kuti pa msinkhu umenewu akakagubuduka pafunika amuna anayi owadzutsa. Bambo anawayankha kuti, "Iwe unabadwira m'chipatala, ukagubuduke pa simenti." Chimwalirire amayi ndinali ndisanawamve akuseka choncho. Chimwalirire amayinso sanapiteko, ndipo amati n'chifukwa chake mphamvu zikuwathera m'mafupa.

Ndikudziwa zimene unene, kuti kumeneko kulibe choona. Zoona, kulibe. Ndi timiyala tokhatokha, popanda mtengo, popanda chikwangwani. Apongozi ako sakajambulako kanthu, ndipo tikapita kumeneko matanthwe ako ofiira tikangowaona modutsa. Matanthwewo chaka chamawa adzakhalapo ndithu, palibe amene akuwanyamula.

Tsono imva zimene ndakhala ndikukubisira. Lachisanu lapitali bambo anapita kumsika kukagula fodya wa m'mphuno woti adzalonjere naye apongozi ako. Nthawi ya nkhomaliro inakwana osabwera. Alamu ako anakawapeza ataima kuseri kwa sukulu, misewu itatu yokha kuchokera pakhomo, akuyang'ana uku ndi uku, kabotolo kafodya kali m'manja. Munthu amene ankadutsa chipululu chonsechi m'chimphepo cha mchenga popanda mapu! Atakwera m'galimoto anati amangowongola miyendo, n'kuwopseza alamu ako kuti akakaulula awathyola khosi. Aka n'kachitatu kusochera chonchi chiyambire chaka chino. Sindinakuuze chifukwa uli kutali, komanso chifukwa ndinkaopa kuti ndikanena ndi pakamwa zikhala zenizeni. Ndili ndi mantha, mlongo wanga, ndipo ndatopa kukhala nawo ndekha.

Malo amene bambo anabadwirawo sali pa mapu, sali m'foni mwako. Ine ndinapitako ndili ndi zaka zisanu, chimene ndimakumbuka ndi ludzu basi. Iwe unali wakhanda. Azakhali amene ankadziwako tinawaika chaka chatha, iwe osabwera.

Dzulo m'mawa titatha kumwa tiyi anandiitana kuti ndibweretse pepala lako ndi cholembera. Ndimayesa alitulukira bodza langa. Koma iwo anati popeza mwanayo amakonda zolembalemba, tiyeni timulembere njira, asamadzati bambo ake ndi osokoneza. Anayamba bwinobwino, mawu ali gwa ngati kale. Ukachoka kumapiri a mchenga ulowere kumpoto. Phiri lakuda likhale kudzanja lamanja. Uwoloke khwawa louma kawiri. Ufike pachitsime cha miyala chimene chomwera chake cha ngamila chinasweka pakona.

Ndinalemba zonse, n'kudikira. Anasisita bondo. Anayang'ana kukhomo. Anabwereza za chitsime zija, ine ndinati zimenezo ndalemba kale. Patapita nthawi anati, "Siyira pomwepo. Zotsalazo ndikakaona ndi maso ndikakumbuka. Mudzangondikhazika kutsogolo." Ndinatuluka panja ngati ndikukatenga madzi, kuti asandione.

Ndiye tamvera, Sodnom, ndikulankhula ngati mkulu wako. Dalaivala wako uja ndamuimbira kale kuti asavutike. Tipita pa chigalimoto chotuwa cha alamu ako. Chimagwedeza mpaka mano, koma mipando ndi yokwanira ndipo mazenera atatu amatseguka. Tinyamuka Lachitatu. Madzi oundana tikaona ngati alipo, ngamila tikakwera zikafuna. Apongozi ako ndidzawafotokozera ndekha, ndi manja omwe ngati chinenero chivuta, chifukwa nawonso anabadwira penapake. Ukandikwiyira chifukwa cha bodza lija, kwiya, udzandikalipire pamaso. Koma ngati ukukana, usaimbire ine. Uimbire bambo, uwauze ndi pakamwa pako kuti mzere uja sunalembe ndiwe.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuuze abwere ndi mpango wotchinga fumbi ndi nsapato zoyendera, osati zija ndinaziona pachithunzi. Apongozi ako uwalonjere mwaulemu m'dzina la banja lonse. Alamu ako akupereka moni, a Purev nawonso. Njira ikuyerereni nonse, muuluke bwino ndi kutera bwino.

Pepala lako ndasunga m'bokosi la amayi. Njira yathera pachitsime, m'munsi mwake ndasiya malo osalemba, ndipo munthu amene angatiuze zolembapo ndi mmodzi yekha. Chonde usasunthe tsiku lobwera.

Ndine mlongo wako amene wam'topetsa,
Delgermaa.