Mano pa Gitala

Lolemba, 9 Juni 2003

Kalata yafika. A Subira a ku wailesi akuti ndipite Loweruka pa 21, naini koloko m'mawa. Nyimbo zisanu, ine ndekha ndi gitala yanga ya bokosi. Popanda ng'oma, popanda munthu woti ndibisale kumbuyo kwake. Wandipezera mwayiwu ndi mlamu wanga Fortune, amene masiku ano amagwira makina ojambulira mawu kumeneko.

Ndimayenera kusangalala. M'malo mwake ndikuchita mantha.

Ndilembe pano poti kope silikamba. Khutu lamanzere linafa mu 2001. Lamanja muli nyenje, imalira tsiku lonse ngati tili mu Okutobala, ndipo anthu akamalankhula ndimamva ngati ali m'chidebe. Palibe akudziwa. Ngakhale Lydia, mkazi wanga, sadziwa.

Zaka zinayi ku Limbe ndi bandi ya pahotela. Nyimbo zofewa za popu, masuti obiriwira, mabwana akuvina botolo lili m'manja. Makutu anali bwinobwino. Kenaka mu 1998 ine ndi Fortune tinapenga, tinati zofewa nza madala, ife tiziimba roko, nyimbo zaphokoso. Ziphaliwali Bandi! Zaka zitatu nditaima pafupi ndi sipika yaitali ngati chitseko, kumanzere kwanga. Anthu khumi m'holo, phokoso la anthu chikwi. Nditabwerera kuno ku Nchema, anzanga ankati Bonifasio wakhwima nzeru, akufuna kumaimba yekha mwakachetechete. Bodza. Ndinathawa. Ng'oma sindinkaimvanso, ndinkangotsata dzanja la woyiimba.

Potchuna gitala ndimaluma mutu wake. Nsambo ikalira, mawu amadutsa m'mano n'kufika m'mutu ali oyera. Ndimachitira kuseri kwa nyumba, m'mbali mwa nandolo. Pamutu pa gitala padzaza zipsera. Wofunsa ndimamuuza kuti ndi makoswe.

Lachitatu, 11 Juni

Chiperoni. Nkhungu, kamvula kosaleka, zala zouma.

Ndapalasa njinga mpaka kuchipatala cha mishoni. Lydia ali komweko sabata yachiwiri tsopano, akudwazika a Pius, malume ake, bambo ake a Fortune. Eni mbumba, eni dothi lomwe ndinamangapo nyumbayi. Atha. Atsala maso okha.

Sitinalankhulane bwino chichokere Pasaka. Tsiku lija ananena pagulu kuti, "Mkamwini uyu khasu limamuwotcha m'manja." Ine ndi pakamwa panga! Ndinayankha kuti gitala yanga idzalirabe iwo atapita. Lero ndimati ndipepese. Ndinaopa kuti ayankha monong'ona, ine osamva, Lydia ali pomwepo. Ndangowafunditsa bulangeti kumapazi n'kutuluka.

Pobwerera amayi a pamjigo ayenera kuti anandipatsa moni. Milomo ndinaiona mochedwa, njinga itadutsa kale. Mwana wanga Rejoice akuti anzake kusukulu amanena kuti bambo ake ndi onyada, anazolowera kuwomberedwa m'manja ku Limbe. Bola kunyada. Woimba wonyada amaitanidwa ku wailesi. Wogontha angamuitane ndani?

Lachisanu, 13 Juni

Za lero n'zovuta kulemba. Ndilembabe.

A Pius atisiya m'bandakucha. Uthenga wafika m'mudzi ndi wakabaza, Rejoice atapita kale kusukulu. Akuti amayi anayamba kulira nthawi yomweyo panyumba ya malemu, apa pafupi, nyumba zitatu zokha pakati pathu. Mudzi wonse unamva. Oyandikana chonchi sagogodedwa pakhomo, kulirako ndiye uthenga.

Ine ndinali kuseri. Msana kunjira, chibwano pa gitala, maso otsinzina. Ndinkayeserera "Dorothy Tsika Tivine", ya m'maukwati ija, ya masiku a pahotela. Mokuwa, poti mawu anga ndimawamva ndikakuwa basi. Ola lathunthu, mwina kupitirira. Anthu ankadutsa panjira kupita kusiwa, akundiona, akundimva. Palibe anabwera kudzandigwira phewa. Anangoona n'kusunga.

Wandiletsa ndi Lydia. Ndangoona dzanja lagwira nsambo zonse. Maso ofiira, mpango uli pambali. "Bambo a Rejoice, mwapenga?" Milomo yake ndinaiwerenga bwinobwino. Kumbuyo kwake masamba anali atayalidwa kale pamsewu, galimoto yobweretsa thupi itaima pansi pa mango.

Ndathamangira kusiwa. Amuna andisiyira benchi yonse ndekha. Fortune wafika masana kuchokera ku Blantyre, wandipatsa nsonga za zala, osandiyang'ana.

Mawu a pa Pasaka aja aliyense akuwakumbukira. Ndikuona pankhope zawo. Ndili ndi mantha.

Loweruka, 14 Juni

Adzukulu aika makasu pansi. Dzenje lafika m'mawondo, akuti sapitiriza. A Mavuto, mkulu wawo, atumiza mawu: mkamwini woimba nyimbo ya ukwati pa maliro a mwini mbumba abwere adzafotokoze, apo ayi akumbe yekha ndi gitala yakeyo.

Bokosi lili m'nyumba. Akwaya mawu atha. Alendo a ku Kadewere akhala m'kamvula chiyambire m'mawa, onse akudikira ine.

Ena ayamba kale kunena kuti ndinawalodza. Mayi wina walavula ndikudutsa. Azakhali ake a Lydia andiloza ndi chala, kenaka aloza njira ya kwathu. Zimenezo sizifuna makutu. Mkamwini amachoka ndi bulangeti lake lokha, mwana amatsala kwa amake. Rejoice ali ndi zaka zisanu ndi zitatu.

Ndanamizira kudzatenga jekete. Ndikulemba choimirira.

Ndikanena zoona, Fortune ali pomwepo. Lolemba ku wailesi adziwa, Lachisanu Limbe yonse idziwa. Zaka zonsezi za nyimbo zithere pamanda a munthu amene ankati kuimba si ntchito! Ndaganiza zoti ndinene kuti ndinaledzera. Aliyense akudziwa kuti mowa ndinasiya kalekale. Ndaganiza zoti ndinene kuti mphepo imapita kwina. Mphepo yanji, nkhuku zomwe zinathawa kulirako.

Pazenera ndikuona amuna awiri akubwera. Afika kale pa

Lamulungu, 15 Juni

Ndinanena.

M'mphepete mwa manda, pansi pa mtengo wa bulugamu, amuna kutsogolo, amayi chapatali. Ndinati sindinamve kulira chifukwa sindimva. Ndinati khutu ili linafa, linalo likufa. Sindikudziwa ngati ndinanong'ona kapena ndinakuwa.

A Mavuto anaseka. "Woimba wosamva? Akamwini, tiuzeni bodza lina." Anandigwira mapewa, kunditembenuza kuti ndiyang'ane gulu, n'kundilozera kuti ndiime chomwecho. Ndinaima. Ndimati mwina andimenya, mwina andikankhira m'dzenje. Palibe chinachitika. Ndinangoona anthu akutsogolo akudzidzimuka, mayi wina akutseka makutu, mbalame zikuuluka mumtengo. Kamodzi, kawiri, katatu.

Nditacheuka, a Mavuto ali kumbuyo kwanga, khasu m'dzanja ili, nkhwangwa m'dzanja linalo. Amaziwombanitsa pafupi ndi khutu langa lamanzere. Ine osaphethira n'komwe. Nyenje yokha.

Nkhope yawo sindidzaiiwala. Anavula chipewa. "Pepani, bambo." Kenaka analumphira m'dzenje, anzawo n'kuwatsatira. Anagamula nkhuku imodzi, poti nyimbo inaimbidwabe pa tsiku losayenera. Ndinapereka tambala wathu wofiira. A Pius tinawaika dzulo lomwelo cha m'ma fili koloko, tonse titanyowa.

Ndimayesa ndipepukidwa. Ayi ndithu. Ndikumva ngati andivula malaya pamsika.

Fortune wabwera kunyumba lero titachoka ku Misa. Watenga gitala pakhoma, wayendetsa chala chachikulu pa zipsera zija. "Alamu, awa si makoswe." Potuluka waima pakhomo, walankhula pang'onopang'ono kuti ndione milomo: "Sipika ija ndinkakweza ndine." Za ku wailesi sanatchule. Nanenso sindinafunse, ndinaopa yankho.

Lachiwiri, 17 Juni

Chimfine. Mvula ya kumanda ija.

Tsopano mudzi wonse ukundipatsa moni mokuwa, manja m'mwamba, ngati akuimitsa basi. Azakhali aja abweretsa mbatata. Chifundo chimenechi chikundiwawa kuposa malovu aja.

Lydia masiku atatu osalankhula nane. Lero ndikukonza tcheni cha njinga wabwera, wazungulira, wakhala kumanja kwanga, pakamwa pafupi ndi khutu. "Zaka ziwiri ndimakuitanani inu osatembenuka. Ndimati muli ndi mkazi ku Limbe." Akuti ankalira akutsuka mbale kumbuyo kwanga komweku, ine ndikutchuna gitala. Akuti tsiku lina anandiuza kuti akumva kupweteka pachifuwa, ine n'kumwetulira.

Chaka chatha anapita kwa a Pius kukanena kuti banja lithe. Ine osadziwa. Anamubweza ndi iwowo. "Mwamuna wako ndi waulesi, koma wachimasomaso ayi. Pita ukadikire."

Ine n'kumawafunditsa bulangeti, osapepesa, poopa kuti sindimva yankho. Chitsiru.

Ndamufunsa Lydia ngati andikhululukira. Wati sakudziwa. Wandipukuta girisi pachipumi ndi nsonga ya chitenje, wapita kukatunga madzi.

Lachinayi, 19 Juni

Kapepala ka Fortune kabwera ndi woyendetsa matola. "Ndawauza a Subira zonse. Angoti tiona Loweruka. Mukasochera kawiri, nthawi yanu aipereka kwa kwaya ina imene ikudikira. Bwerani ndi gitala yomweyo."

Tiona. Ndawerenga kasanu, sakunena kuti inde, sakunena kuti ayi.

Chimfine chakula. Khutu lamanja latsekeka ngati ndamira m'madzi. Ndapita kuchipatala ku Milepa. Adokotala aunika ndi katochi, alemba papepala kuti mwina litseguka chimfine chikatha, mwina ayi, ndikaonane ndi a makutu ku Blantyre. Panado ndi mankhwala odontheza.

Ndayeserera pakhonde, poyera, koyamba. Mano pa gitala, anthu akudutsa. Wina aseke ngati akufuna. Nsambo ndikutchuna bwino. Vuto ndi mawu anga, sindikudziwa ngati akukwera limodzi ndi gitala kapena akuyenda okha kutchire. Rejoice wakhala pa mtondo kutsogolo kwanga. Ndamufunsa ngati zikumveka bwino, wagwedeza mutu mofulumira kwambiri. Mwana ameneyu amandikonda, sangandiuze zoona.

"Dorothy" ndamuchotsa pa mndandanda. Zala zikukana. M'malo mwake ndaika yatsopano, ya mizere inayi yokha, ya munthu amene anamanga nyumba pa dothi la mnzake osathokoza. Ilibe dzina.

Ndikalephera Loweruka ndidzakhala chiyani? Khasu limandiwotchadi m'manja, malemu sananame.

Loweruka, 21 Juni

Nyenje yasiya.

Ndadzuka kutayera, m'mutu muli zii, koyamba m'zaka ziwiri. Ndinati ndachira! Ndinadumpha, kutsegula chitseko. Pankhokwe ya oyandikana nawo tambala watambasula khosi, kukamwa yasa. Palibe kanthu. Lydia akusesa pabwalo, tsache likuyenda, fumbi likukwera. Palibe kanthu. Ndawomba m'manja pafupi ndi khutu lamanja. Manja okha awawa.

Ndakhala pansi pakhomo pomwepo. Ndikuganiza kuti ndinakuwa, chifukwa Lydia wataya tsache, Rejoice watuluka ali ndi nsapato imodzi.

Mwina ndi chimfine. Adokotala anati mwina. Analembanso kuti mwina ayi.

Lydia walowa m'nyumba, watuluka ndi gitala, wandiika mutu wake pakamwa ngati akumwetsa mwana mankhwala. Ndaluma. Wakhwatcha nsambo yaikulu ndi chala chake. Ilipo. Yadutsa m'mano, yafika. Yachiwiri yatsika pang'ono ndi kuzizira, ndaikweza. Misozi ikugwera pa thabwa.

Koma kuimba sindingaimbe gitala ili kukamwa. Ndikaichotsa ndili ndekha. Ku wailesi nyali yofiira yojambulira ikayaka, a Subira kuseri kwa galasi, Fortune pa makina, ine nditsegule pakamwa osadziwa chimene chikutuluka. Sindipita. Ndilembe kapepala, ndinene kuti malungo. Sindingathe, Mulungu wanga, sindi

Lydia wandilanda cholembera. Wavala kale chitenje cha ku tchalitchi. Za m'munsizi walemba ndi iye.

Matola a hafu sikisi. Ndikhala kutsogolo kwanu. Mukakwera kwambiri nditsitsa dzanja, mukatsika ndikweza. Zaka ziwiri simunandimve, lero muzindiyang'ana. Valani nsapato.