Amayi Atsike pa Nsanja

Okondedwa alongo anga a Purity,

Muli bwanji kumeneko ku Mnkhanya? Nanga bondo la amayi likuti bwanji? Ine ndili bwino kuno kunja kumene anatituma kudzasungitsa mtendere, kupatula fumbi lomwe limalowa mpaka m'mano.

Munafunsa za galimoto ya asilikali imene ndikuyendetsa. Si kasinja ayi, ili ndi matayala ndipo liwiro lake ndi loopsa. Koma thupi lonse ndi chitsulo chosaboola chipolopolo, timawindo take kungokwana nkhope. Ine amene ndinazolowera kuyendetsa alendo a ku loji ku Chinzombo m'galimoto yopanda denga, muno ndimakhala ngati nsomba ya m'chitini. Mbalame sizimveka, ngakhale fungo la mvula silifika.

Tsiku lina ndinachita manyazi. Tikuyendera dera lathu masana, ndinaona ndowe zaziwisi pamsewu ndi nthambi zothyoka. Dzanja langa linazimitsa lokha injini, monga timachitira kwathu njovu zikakhala pafupi. A Mwewa, mkulu wathu, anakalipa kuti wandiuza ndani kuima poyera chonchi. Zinali ngamila chabe! Mpaka lero anzanga amanditcha a Gaidi, woonetsa alendo nyama.

Komatu kanthawi kamene injini inali chete kaja, ine ndinali kwathu. Ndinaona mitengo ya tsanya, mchenga wa Luangwa, mvuu zikuwothera dzuwa. Chiyambire pamenepo ndimalota ndili maso. Ndimaona ndikutsika nayo galimotoyi kuchokera ku Chipata, matope osaigwira, mpaka kukaiimika m'mphepete mwa munda wathu. Amayi akhala m'kati atafunda chitenje chawo, njovu zikununkhiza chitsulo n'kumapita.

Alamu anga a Paskale anandiuza pafoni kuti amayi akweranso pa nsanja yolindira munda, ndi chitini chawo chija chomenya poopseza njovu. Akuti akufuna ndidzapeze nkhokwe yodzaza ndikabwera. Alongo, ndi bondo limenelija angathawe bwanji? Mukukumbukira mmene njovu inasasulira nsanja ya anansi athu a Boston chaka chatha, eni ake n'kupulumukira m'ngalande. Ndili ndi mantha, sindikubisirani.

Pempho langa ndi limodzi: muwatsitse. Mangani nsanza zopaka tsabola ndi oilo kuzungulira munda. Njovu zikadutsabe, zidye. Akakana, muwauze kuti amagwada kupempherera ine amene ndili m'kati mwa chitsulo, chonsecho iwo ali pa timitengo ndi udzu. Galimoto ija sindingabwere nayo, si yanga.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali a ku Malama ndi kwa ana onse. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga, ndipo musalisiye mpaka phazi lawo litaponda pansi. Ndikabwera ndidzapeze iwowo, chimanga tidzalima china.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Jonah